"Gwiranani chanza, nkhani yatha": n'chiyani chimachititsa wachinyamata wovutika kukhululuka kapena kukana?

Amene anaphunzitsapo kusekondale yogonera komweko, kapena anakhalapo pabwalo la amfumu tsiku lozenga nkhani ya ana, izi anaziwonapo. Anyamata awiri aimikidwa pamaso pa akuluakulu, wina mlomo utatupa, winayo malaya atang'ambika. Nkhani yamveka, wolakwa wapezeka, wanena kuti "pepa" maso ali pansi. Ndiye pakubwera mawu aja akuti, "Basi, gwiranani chanza, nkhani yatha." Wolakwiridwa uja alowetsa dzanja m'thumba, osalitulutsanso. Akuluakulu apukusa mitu: mwana uyu ngwouma mtima.

Chodabwitsa n'chakuti mnyamata yemweyu mwezi wathawu mnzake anamutayira nsapato zake zokhazo za mpira, koma sipanathe masiku atatu akudyeranso mbale imodzi. Ngati mtima wake uli wamwala, unafewa bwanji tsiku lija? Funso limeneli ndi limene akatswiri a kaganizidwe ka munthu akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 30, ndipo zimene apeza zikukhudza makolo, aphunzitsi, apolisi ngakhalenso makhoti a ana.

Kukhululuka, kuyanjana ndi kusiya mlandu si chinthu chimodzi

Pakamwa pathu mawu akuti "ndakukhululukira" amasenza katundu wambiri. Nthawi zina amatanthauza kuti sindikubwezera, nthawi zina kuti tibwerere mwakale, nthawi zina kuti kupolisi sindipitako. Ofufuza amazilekanitsa zinthu zimenezi. Kwa iwo kukhululuka ndi kusintha kochitika mkati mwa wolakwiridwa: mtima wofuna kubwezera uchepa, mtima wofuna kumupewa munthuyo uchepa, mwina mpaka kuyamba kumufunira zabwino. Kuyanjana n'kwa anthu awiri, ndipo kumalira kuti kukhulupirirana kubwerere. Kusiya mlandu ndi nkhani ya malamulo. Munthu akhoza kutaya chakukhosi koma osafunanso kugona chipinda chimodzi ndi amene anamumenya, ndipo akhoza kugwirana chanza ndi mnzake mangawa ali phe m'kati.

Kwa zaka mazanamazana nkhaniyi inali m'manja mwa azipembedzo ndi akuluakulu a m'mudzi. Asayansi anayamba kuiyeza mwakhama cha m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa oyambirira anali Robert Enright wa ku University of Wisconsin–Madison ku America. Pambuyo pake Everett Worthington, katswiri amene mayi ake anaphedwa ndi wachifwamba iye ali kale pa ntchito yofufuza za kukhululuka, anasiyanitsa mitundu iwiri. Pali kukhululuka kwa chiganizo, pamene munthu watsimikiza kuti sabwezera. Palinso kukhululuka kwa mumtima, pamene ululu ndi mkwiyo zaphwa. Koyambako kukhoza kuchitika tsiku limodzi. Kwachiwiriku kumayenda pa liwiro lakelake.

Zili ngati munthu amene wapsa ndi madzi otentha. Akhoza kunena lero lomwe kuti amene anagubuduza mphika sakumuimba mlandu, koma chilondacho chipola pa nthawi yake, ndipo ukachikhudza mawa afuulabe. Mnyamata wa dzanja m'thumba uja mwina akufunsidwa zinthu zitatu nthawi imodzi, pamene wakonzeka kupereka chimodzi chokha.

"Ovutika" ndi ati?

Mawuwa amaphimba ana osiyanasiyana: amene akukula pakhomo pa ndewu, amasiye amene akusinthasintha mowalera, ana ogona m'makhonde a sitolo m'tauni, amene ayamba chamba ndi kachasu adakali aang'ono, ndi amene alakwira malamulo. Kunja timawawona ngati ana opulupudza. Ukafunsa mbiri yawo, nthawi zambiri umapeza kuti asanalakwire ena, iwo analakwiridwa kaye.

Mu 1998 madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ku San Diego, amene pomaliza anakhudza anthu oposa 17,000. Anapeza kuti munthu amene anakumana ndi masautso ambiri ali mwana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kukula ndi kholo lachidakwa, amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a maganizo ndi a thupi atakula. Kuno kwathu kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18, ndipo anyamata pafupifupi awiri mwa atatu anamenyedwapo. Choncho sitikunena za kagulu kakang'ono ayi.

Dala kapena mwangozi?

Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Munthu aliyense amakhululuka msanga akaona kuti mnzake sanachite dala. Wina akakuponda phazi m'minibasi yodzaza, umangosuntha. Akakuponda akukuyang'ana m'maso, ndi nkhani ina. Vuto n'lakuti zochitika zambiri zimakhala pakati, sizidziwika ngati n'zadala kapena ayi, ndipo wolakwiridwa amayenera kulingalira yekha.

Mu 1980 Kenneth Dodge anachita kafukufuku amene mpaka lero amatchulidwa. Anatenga anyamata a kupulayimale, ena odziwika ndi ndewu, ena ofatsa, n'kuwapatsa masewera olumikiza tizidutswa kuti tipange chithunzi. Kenako ankawachititsa kukhulupirira kuti mwana wina wawaphwasulira ntchito yawo. Ena ankamva kuti wachita dala, ena kuti amafuna kuthandiza, ena osadziwa chifukwa chake. Pamene zinali zowonekeratu kuti n'zadala, magulu onse awiri anabwezera. Pamene zinali zowonekeratu kuti mnzawoyo anali ndi cholinga chabwino, ngakhale anyamata andewu aja anadziletsa. Kusiyana kunawonekera pakatipo: zikakhala zosadziwika, ofatsa ankaganiza kuti ndi ngozi, andewu ankaganiza kuti wawaputa dala.

Taonani chimene izi zikutanthauza. Anyamata andewu aja sikuti sankadziwa kukhululuka. Ankakhululuka bwinobwino akatsimikiza kuti mnzawo sanafune zoipa. Chimene chinali chosiyana ndi mmene ankawerengera mtima wa mnzawo. Patapita zaka khumi, mu 1990, Dodge pamodzi ndi John Bates ndi Gregory Pettit anawonetsa kuti ana amene anazunzidwa kunyumba ali aang'ono amakonda kukula ndi kawerengedwe kotereka.

Makolo athu anaziwona kale izi, n'chifukwa chake anati wolumidwa ndi chakuda amaopa ndi khala lomwe. Mwana amene pakhomo pawo mbale ikagwa chotsatira ndi lamba, amene anaphunzira kumva ndi kagogodedwe ka chitseko kuti bambo abwera ataledzera, amakhala tcheru nthawi zonse. Kunyumbako utcheru umenewu umamupulumutsa. Koma amapita nawo kusukulu. Mnzake akamugunda ndi chigongono pamzere wa phala, iye thupi lake lamva kale kuti nkhondo yayamba. Aphunzitsi akamati "zinali zangozi, mukhululukire," iye akumva ngati akuuzidwa kuti akane zimene maso ake aona.

Pali chenjezo pano limene ofufuza enieniwo amalitchula. Ana ena amakhaladi pakati pa anthu owafunira zoipa. Kwa mwana wogona mumsewu amene amalandidwa ndalama ndi anyamata akuluakulu usiku uliwonse, kuganizira mnzake zoipa si kulakwitsa kuwerenga. Nthawi zambiri amakhala akulondola.

Kupepesa ndi kukonza chowonongeka

Ku France, Étienne Mullet ndi anzake anayesa njira ina. Ankalemba tinkhani tifupitifupi ta munthu amene walakwiridwa, n'kumasintha kachidutswa kamodzikamodzi: apa wolakwa wapepesa, apa sanapepese, apa zotsatira za cholakwacho zatha, apa zikadalipo, apa ndi m'bale, apa ndi mnzake wa kuntchito, apa achibale akulimbikitsa kukhululuka, apa ayi. Owerenga ankasonyeza kuti akanakhala iwo akanakhululuka mpaka pati. Mu kafukufuku amene Michèle Girard ndi Mullet anafalitsa mu 1997, achinyamata anapezeka kuti sakhululuka msanga poyerekeza ndi akuluakulu, ndipo okalamba ndi amene anali okonzeka kwambiri. Mwa zinthu zimene zinkasintha kwambiri mayankho panali zitatu: ngati cholakwacho chinali chadala, ngati wolakwa wapepesa, ndiponso ngati chowonongekacho chakonzeka.

Chachitatuchi sichachilendo kwa ife. Pabwalo la amfumu "pepani" wapakamwa sakwanira. Mbuzi zako zikadya chimanga cha mnzako, pamakhala chipepeso, kaya nkhuku, kaya ndowa ya chimanga. Nkhukuyo mwina siifika mtengo wa zimene zawonongeka, koma imanena pamaso pa mudzi wonse kuti munthuyu analakwiridwadi.

Kwa wachinyamata wosauka nkhani ya kukonza imalemera kuposa mmene olemera angaganizire. Tiyerekeze atsikana awiri a Fomu 2 amene aberedwa ndalama zofanana m'chikwama. Wina aimbira foni kwawo, madzulo ndalama zina zalowa. Winayo ndalamazo anazipeza popalira m'minda ya anthu tchuthi chonse, ndipo zinali za mayeso. Wakuba akagwidwa n'kupepesa, woyambayo nkhani yamuthera. Wachiwiriyo m'mawa uliwonse akudzuka nalo vutolo. Cholakwa n'chimodzi, kupepesa n'kumodzi, koma kwa mmodzi chilonda chatsekeka, kwa winayo chikutulukabe magazi. Tikawayamikira mosiyana, mwina tikuyeza matumba a makolo awo, osati mitima yawo.

Maso a anzake

Mu 1989 Enright ndi anzake awiri anafunsa ana a kupulayimale, a kusekondale, a kukoleji ndi akuluakulu kuti afotokoze nthawi imene kukhululuka kuli koyenera. Mayankho anawaika m'masitepe asanu ndi limodzi. Pansi penipeni pali woti ndikhululuka ndikabwezera kaye. Pamwamba pake woti ndikhululuka akandibwezera changa. Kenako woti ndikhululuka chifukwa anthu ondizungulira akuyembekezera zimenezo, kenako chifukwa chipembedzo changa chikutero, kenako pofuna mtendere pakati pa anthu, ndipo pamwamba pa zonse woti ndikhululuka chifukwa cha chikondi, popanda kudikira kanthu. Achinyamata ambiri anapezeka cha pakati, pamene mawu a anzawo amalemera kwambiri. Ena amatsutsa kuti masitepe amenewa akuyika maganizo a chikhalidwe chimodzi pamwamba pa ena onse, ndipo mkangano umenewo sunathe. Koma zakuti wachinyamata amayang'ana kwa anzake asanasankhe, ofufuza ambiri amavomereza.

Sayansi ya ubongo ikuwonjezera pamenepo. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imagwira mabuleki munthu akapsa mtima, imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20, pamene mbali zomva kutengeka ndi kufuna kutamandidwa zimakhala zitadzuka kale. Ili ngati njinga ya kabaza yatsopano yothamanga bwino koma mabuleki asanamangidwe mokwanira. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anawonetsa kuti achinyamata oyendetsa galimoto ya pa kompyuta ankachita zoika moyo pachiswe kwambiri anzawo akamawawonerera, pamene kwa akuluakulu kusinthako kunali kochepa.

Ndiye funso limakhala lakuti anzakewo akuyembekezera chiyani. M'gulu la kwaya kapena la mpira lokhala ndi mtsogoleri wabwino, wokhululuka amalemekezedwa. M'gulu la mumsewu, kapena m'chipinda chogona mmene akuluakulu amazunza a Fomu 1, amene walola chipongwe kudutsa osabwezera walengeza kuti aliyense akhoza kumusewera. Mnyamata wa dzanja m'thumba uja mwina mkwiyo unamuthera kale, koma pawindo pali maso makumi awiri, ndipo usiku agona nawo iyeyo, osati aphunzitsi. Alangizi ena pa chifukwa chimenechi amakonda kuyanjanitsa ana kumbali, pamene ena amati kupepesa kwa pagulu ndi kumene kumabwezeretsa ulemu wa wolakwiridwa. Zonse ziwiri zimachitika.

Chilungamo chokonza, ndi zimene malamulo athu amanena

Makhoti wamba amafunsa kuti lamulo liti laphwanyidwa, ndani waliphwanya, alandire chilango chotani. Pali kaganizidwe kena kamene kamafunsa kuti ndani wapwetekedwa, akusowa chiyani, ndipo ndani ayenera kukonza. Mbiri yake yamakono ambiri amaiyambira ku Elmira, m'chigawo cha Ontario ku Canada, mu 1974. Anyamata awiri ataledzera anawononga katundu pa malo 22 usiku umodzi, kuswa magalasi ndi kuboola matayala. Mark Yantzi, wogwira ntchito yoyang'anira olakwa amene sanatsekeredwe, anapempha woweruza kuti anyamatawo akakumane ndi eni katundu. Anayenda khomo ndi khomo, kugogoda, kudzitchula kuti ndi iwo anachita zimenezo, kumva madandaulo, n'kulipira zowonongekazo. Mu 1989 dziko la New Zealand linaika m'malamulo misonkhano ya mabanja pa milandu ya ana, potengera zina mwa njira za anthu a mtundu wa Māori. Munthu wa kumudzi kuno akamva zimenezi akhoza kuseka, chifukwa ankhoswe ndi mabwalo a mafumu akhala akuchita zofanana nazo kuyambira kale.

Ku Malawi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 linatsegula njira yopatutsa mwana ku khoti. Mwana akavomera yekha, popanda kumuumiriza, kuti anachitadi cholakwa, ndipo mlanduwo suli m'gulu la ikuluikulu monga kupha kapena kugwirira, akhoza kupatsidwa zina m'malo mozengedwa mlandu: kupepesa pakamwa kapena polemba, kubweza kapena kulipira chowonongeka, kugwira ntchito yothandiza dera, kapena kukumana ndi wolakwiridwa pamaso pa mkhalapakati. Lamuloli limaletsa kuika mwana m'ndende; amene akufunika kusungidwa amapita kumalo osinthira khalidwe monga Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu konse, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Mukayang'ana mndandanda wa zimene mwana angapatsidwezo, muwona kuti ndi zomwe zija ofufuza anapeza kuti zimafewetsa mtima: kuvomera, kupepesa, kukonza. Koma lamulo likhoza kulamula wolakwa kuti apepese. Silingalamule wolakwiridwa kuti akhululuke, ndipo otsogolera misonkhano yotereyi m'maiko ambiri amaphunzitsidwa kuti asapemphe n'komwe chikhululukiro. Chikabwera chibwere chokha. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika.

Ovomereza njirayi amati imamuchititsa mwana kuyang'ana nkhope ya munthu amene anamupweteka, chinthu chovuta kuposa kuimirira m'khoti. Otsutsa amati wolakwiridwa, makamaka akakhala mtsikana kapena mwana wa banja losauka, akhoza kupanikizidwa kuti avomere kuti nkhani ithere pakhomo, ndipo mwana wochenjera akhoza kuphunzira kupepesa ngati sewero.

Pamene wolakwa ndi iye amakudyetsa, kapena ndi iwe mwini

Zonse zanenedwazi zimavuta kwambiri wolakwayo akakhala wa m'nyumba. Mtsikana amene wachitidwa zoipa ndi malume amene amamulipirira fizi amamva mawu ofanana kuchokera mbali zonse: ndi m'bale wako, usatichititse manyazi, Mulungu amafuna tikhululuke. Okhulupirira amawerenga pa Mateyu 18 pamene Petulo akuuzidwa kukhululuka mosawerengera, koma pa Luka 17 pali mawu akuti m'bale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire, ndipo abusa amasiyana pa mmene amagwirizanitsira ndime ziwirizi. Kafukufuku wa James McNulty wa mu 2011, ngakhale anali wa anthu apabanja osati ana, anapeza kuti amene ankakhululuka mosavuta ankapitirira kuchitidwa nkhanza m'zaka zoyambirira za ukwati, pamene kwa osakhululuka msanga nkhanzazo zinkachepa. Pamene ngozi ikadalipo, kukana kuyanjana kukhoza kukhala mpanda wokhawo umene mwana ali nawo.

Kumpoto kwa Uganda kunachitika zoposa pamenepa. Gulu la zigawenga la Lord's Resistance Army, lotsogozedwa ndi Joseph Kony, linaba ana zikwizikwi, ena n'kuwakakamiza kupha anthu a m'midzi yawo yomwe. Obwerera ankalandiridwa ndi mwambo wa Aacholi, mtundu wa anthu a kumeneko, woponda dzira polowa pamudzi, ndipo pa nkhani za imfa pali mwambo wa mato oput, pamene mabanja awiri amamwera limodzi chakumwa chowawa cha mizu ya mtengo, choonadi chitanenedwa ndiponso malipiro atagwirizanidwa. Boma la Uganda linakhazikitsa lamulo lokhululukira zigawenga mu 2000. Komabe Dominic Ongwen, amene anabedwa ali mwana n'kudzakhala mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a gululo, anapezeka wolakwa ku khoti la milandu ya padziko lonse ku The Hague mu 2021 ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 25. Aacholi enieniwo anagawikana pa chigamulocho. Wachinyamata wotere akufunika kukhululukira amene anamuba, kupempha chikhululukiro kwa amene anawapweteka, ndiponso kukhala ndi iye mwini. Palibe kankhani ka papepala kamene kangayeze zitatuzi nthawi imodzi.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba likukhudza njira yofufuzira. Zambiri zimene tikudziwa zachokera ku tinkhani tongoyerekeza ndi mafunso a papepala. Kodi zimene mwana amayankha atakhala pa desiki ndi zimene amachita magazi atawira? Ndipo popeza kafukufuku wotchuka kwambiri anachitikira ku America ndi ku Ulaya, kumene kukhululuka kumawonedwa ngati nkhani ya mumtima mwa munthu mmodzi, zikugwira bwanji ntchito kuno kumene mlandu wa mwana ndi mlandu wa banja, ndipo amene amapita kukapepesa nthawi zambiri ndi malume?

Lachiwiri ndi la chimene chimayamba. Achinyamata okhululuka amapezeka kuti ali ndi nkhawa ndi mkwiyo wochepa. Kodi kukhululuka ndi kumene kwawachiritsa, kapena amene ayamba kale kuchira, amene apeza pogona pabwino ndi munthu wowamvera, ndi amene amakwanitsa kukhululuka? Yankho lake lingasinthe kumene boma ndi mabungwe angaike ndalama zawo, kaya pa maphunziro a chikhululukiro kapena pa chitetezo ndi chakudya kaye.

Palinso funso la malire. Ndi milandu iti imene iyenera kuthera pabwalo kapena pa msonkhano wa mabanja, ndipo ndani akuwonetsetsa kuti "inde" wa mwana wolakwiridwa ndi wakewake? Nanga mwana amene wapepesedwa moona, chake chabwezedwa, ngozi yatha, koma akuti sakhululukabe: ameneyu akufunika chithandizo, kapena ali ndi ufulu wosiyidwa choncho?